Agalu Ogwa ndi Mbewa Zosamva Khofi: Zimene Nyama Zatiphunzitsa za Tulo

Mwezi uno tikambirane za cinthu cimene aliyense wa ife amacita tsiku ndi tsiku, koma ndi ocepa okha amene amafunsa kuti cimayenda bwanji. Ndikunena tulo. Munthu wogona maola 8 usiku uliwonse, akafika zaka 60 amakhala atagona zaka 20 zathunthu. Cinthu cimene cimatenga gawo lalikulu lotere la moyo wathu ticidziwe bwino, pakuti safunsa anadya phula.

Nkhani imeneyi si ya anthu ophunzira okha ai. M'mabanja mwathu muli ana amene amasinza m'kalasi ngakhale kuti usiku anagona bwino, ndipo timawacha aulesi, mwina kuwakwapula, mwinanso kunong'onezana kuti alodzedwa. Muli anyamata ndi atsikana amene amamwa khofi usiku pokonzekera mayeso. Muli madalaivala amene amalimbana ndi tulo pa msewu pakati pa usiku atanyamula anthu. Mulinso agogo amene amangotembenuka pa mphasa mpaka tambala woyamba, napempha mapilisi ogonetsa. Zambiri zimene tikudziwa lero pa anthu onsewa tinazidziwa cifukwa ca agalu, amphaka, makoswe ndi mbewa za m'malabotale a ku Ulaya, America ndi Japan.

Loko ndi kiyi wake

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Maselo amenewa amatumizirana mauthenga potulutsa makemikolo, ndipo khemikolo ikacoka ku selo lina iyenera kupeza polowera pa selo linzake. Pa khungu la selo lililonse pali timapuloteni tambiri timene asayansi amaticha ma receptor. Kuti timvane bwino, tiyeni tiziti receptor ndi loko wa pa citseko, ndipo khemikolo ndi kiyi. Kiyi woyenera akalowa m'loko wake, selo limamva lamulo: mwina lakuti "gwira nchito," mwina lakuti "khala cete." Kiyi wa nyumba ina sangatsegule pano, ngakhale mutamutembenuza motani.

Koma pali cina. Nthawi zina kiyi wacilendo amatha kulowa m'loko osatsegula, nangotsekereza kabowo kuti kiyi mwini wake asalowe. Nthawi zinanso loko amakhala wowonongeka cibadwire, kapena loko ali bwino koma makiyi asowa. Mukasunga zitsanzo zitatuzi m'mutu, zonse zotsatirazi muzimva mosavuta.

Mafunso oyamba

M'caka ca 1894, dotolo wamkazi wa ku Russia, Maria Manasseina, analengeza kuti tiana ta agalu timene anatiletsa kugona tinafa patangopita masiku 4 kapena 5. Apa anthu anayamba kuona kuti tulo ndi cosowa ca thupi monga madzi ndi cakudya. M'zaka za m'ma 1980, Allan Rechtschaffen ndi anzake a ku University of Chicago anapeza zofananazo pa makoswe: amene analetsedwa kugona kotheratu anali kudya kwambiri koma akuonda, ndipo anafa pakati pa masiku 11 ndi 32.

Funso linatsala lakuti: nanga cimene cimabweretsa tulo n'ciani? M'caka ca 1909, Kuniomi Ishimori wa ku Japan anatenga madzi ofinyidwa kucokera mu ubongo wa agalu amene anakhala nthawi yaitali osagona, nawabaya mwa agalu ena opumula bwino, ndipo agalu opumulawo anagona. Ku France, René Legendre ndi Henri Piéron anacita zofanana m'zaka zomwezo. Onsewa anaganiza kuti pali cinthu cina cimene cimaunjikana mu ubongo munthu akakhala maso, koma zipangizo za nthawi imeneyo sizinathe kucigwira. Panapita zaka zoposa 80 kuti mmodzi mwa makiyi otere adziwike bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phulusa la nchito ya tsiku

Selo lililonse likamagwira nchito limagwiritsa mphamvu yosungidwa m'khemikolo yochedwa ATP. Mphamvuyo ikagwiritsidwa, pamatsala khemikolo ina yochedwa adenosine, monga mmene phulusa limatsalira pa mafuwa nkhuni zikayaka. M'caka ca 1997, Tarja Porkka-Heiskanen wa ku Finland, pogwira nchito ndi Robert McCarley ku Harvard, anayeza adenosine mu ubongo wa amphaka pogwiritsa nchito kacubu kakang'ono kwambiri. Amphakawo ataletsedwa kugona kwa maola 6, adenosine inali kukwera ola ndi ola m'cigawo ca pansi ca ubongo cimene cimathandiza nyama kukhala maso. Ataloledwa kugona, inayamba kutsika pang'onopang'ono.

Conco tulo timene timatilemera madzulo ndi uthenga weniweni wa m'thupi. Adenosine ndi kiyi, ndipo maloko ake awiri ofunika pa tulo amachedwa A1 ndi A2A. Ikaculuka ndi kulowa m'maloko amenewa, maselo otidzutsa amafooka, ndipo maselo ogonetsa amalimba.

Tsopano nayi nkhani ya khofi ndi tiyi. Caffeine amene ali m'zakumwazi ndi kiyi wacilendo uja: amalowa m'maloko a adenosine osatsegula, nangotsekereza. Koma pa maloko awiriwo, wofunika ndi uti? Yankho linacokera ku Osaka m'caka ca 2005, kumene Zhi-Li Huang, Yoshihiro Urade ndi anzao anagwiritsa nchito mbewa zimene zinacotsedwa jini imodzi. Mbewa zopanda loko wa A1 zitapatsidwa caffeine zinakhala maso monga mbewa zina zonse. Koma mbewa zopanda loko wa A2A sizinamve kanthu: zinagona monga mwa masiku onse. Apa zinaoneka kuti caffeine amatidzutsa kudzera m'loko wa A2A.

Phunziro lake ndi lalikulu. Khofi sacotsa phulusa lija, amangophimba kuti ubongo usalione. Adenosine imapitiriza kuunjikana, ndipo caffeine akatha mphamvu, tulo timabwera ndi ngongole yake yonse. Thupi la munthu wamkulu limatenga maola pafupifupi 5 kuti licotse theka la caffeine amene wamwa, ndipo mwa amai oyembekezera limacedwa kuposa apo. Kafukufuku wa m'caka ca 2013 wa Christopher Drake ku Detroit anaonetsa kuti mamiligramu 400 a caffeine, omwedwa maola 6 nthawi yogona isanakwane, anacepetsa tulo ndi nthawi yoposa ola limodzi.

Agalu a ku Stanford

Nkhani yokhudza mtima kwambiri ndi ya agalu. M'zaka za m'ma 1970, William Dement wa ku Stanford University, ku California, anayamba kusonkhanitsa agalu odwala matenda odabwitsa. Galu wotere akasangalala, mwacitsanzo akaona cakudya cimene amakonda kapena akamasewera ndi anzake, miyendo yake imalobodoka nagwa pansi ngati nsanza, maso ali otsegula. Pakapita kanthawi amadzuka napitiriza kusewera. Matendawa amachedwa narcolepsy, ndipo anthunso amadwala: pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 2,000 alionse. Mwa agalu a mtundu wa Doberman ndi Labrador matendawa anali kuyenda m'magazi, kucokera kwa makolo kupita kwa ana. Emmanuel Mignot, dotolo wocokera ku France, anatha zaka pafupifupi 10 akufunafuna jini yolakwikayo.

Nthawi yomweyo ku Dallas, m'cigawo ca Texas, Masashi Yanagisawa ndi Takeshi Sakurai anali pa nchito ina imene sinali ya tulo konse. Anali ndi maloko amene makiyi ake anali asanadziwike, ndipo anali kufunafuna makiyiwo. M'caka ca 1998 anapeza kiyi wina wopangidwa m'kacigawo kakang'ono ka ubongo kochedwa hypothalamus. Popeza makoswe obayidwa khemikolo imeneyi anali kudya kwambiri, anaicha orexin, kucokera ku liu la Cigriki lotanthauza cilakolako ca cakudya. Caka comweco, Luis de Lecea ndi Gregor Sutcliffe a ku Scripps Research Institute ku California anaipezanso paokha naicha hypocretin. N'cifukwa cake khemikolo imodzi ili ndi maina awiri mpaka lero.

Gulu la Yanagisawa linapanga mbewa zopanda orexin, poyembekezera kuona kusintha pa kadyedwe. Popeza mbewa zimayenda usiku, anazijambula mumdima ndi kamera yoona usiku. Zimene anaona zinawadabwitsa: mbewa ili mkati mothamanga kapena kudzinyambita, mwadzidzidzi inali kugwa, kukhala duu kanthawi, kenaka n'kudzuka ngati palibe cacitika. M'mwezi wa Ogasiti 1999 malipoti awiri anatuluka motsatizana m'magazini ya sayansi yochedwa Cell. Mignot analengeza kuti agalu ake anali ndi loko waciwiri wa orexin wowonongeka. Yanagisawa analengeza kuti mbewa zopanda kiyi wa orexin zili ndi narcolepsy. Wina anapeza loko wowonongeka, wina anacotsa kiyi, ndipo matenda anali amodzi. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Nanga kugwako kumabwera bwanji? Pa tulo tathu pali gawo lochedwa REM, limene linadziwika m'caka ca 1953 ku Chicago, pamene timalota kwambiri. M'gawo limeneli ubongo umazimitsa mphamvu ya minofu kuti tisadzuke ndi kucita zimene tikulota. Orexin ndiye mlonda amene amasunga malire pakati pa kukhala maso ndi kugona. Mlondayu akasowa, kulobodoka kwa m'maloto kumatha kumugwira munthu masana ali maso, makamaka akaseka kapena akadabwa.

M'caka ca 2000, Seiji Nishino ndi Mignot anayeza madzi a mu msana a odwala narcolepsy 9, ndipo mwa 7 orexin sinapezeke konse. Caka comweco gulu la Jerome Siegel ku Los Angeles linapeza kuti mu ubongo wa odwala otere maselo opanga orexin anacepa ndi 85 mpaka 95 peresenti. Conco mwa agalu aja vuto linali pa loko, koma mwa anthu ambiri maloko ali bwino, makiyi ndiwo asowa. Asayansi ambiri amakhulupirira kuti citetezo ca thupi la munthu mwini wake ndico cimawononga maselowo molakwitsa. Matendawa nthawi zambiri amayamba pa usinkhu wa unyamata, mwana ali pa sukulu.

Nzeru imeneyi yabala mankhwala. Ngati kusowa kwa orexin kumagonetsa, ndiye kuti kutsekereza maloko ake kwa usiku umodzi kungathandize osowa tulo. Mankhwala oyamba a mtundu umenewu, ochedwa suvorexant, anavomerezedwa ku America m'caka ca 2014. Mignot ndi Yanagisawa analandira mphoto ya Breakthrough Prize ya caka ca 2023 cifukwa ca nchito yao.

Mapilisi ogonetsa ndi mowa

Kiyi wamkulu wokhazika ubongo cete amachedwa GABA. Mankhwala monga diazepam, amene ambiri amawadziwa ndi dzina lakuti Valium, amamatirira pambali pa loko wa GABA, nacititsa kuti kiyi akalowa citseko citseguke kwambiri. Ku Zurich, m'dziko la Switzerland, Uwe Rudolph ndi Hanns Möhler anasintha kacidutswa kamodzi kokha ka loko ameneyu mwa mbewa. M'caka ca 1999 analengeza kuti mbewa zosinthidwa pa gawo lochedwa alpha 1 sizinalefuke ndi diazepam, ngakhale kuti mankhwalawo anacepetsabe mantha ao. M'caka ca 2000 anaonetsa kuti kucepetsa mantha kumadzera pa gawo lina, alpha 2. Piritsi limodzi limagogoda pa makomo angapo nthawi imodzi, n'cifukwa cake wolimwa pofuna cinthu cimodzi amalandiranso zina zimene sanapemphe, monga kuiwala ndi kudzandira.

Mowa nawonso umagwira pa maloko a GABA. Kuphatikiza mowa ndi mapilisi otere n'koopsa zedi, pakuti zonse ziwiri zimakankha citseko cimodzi, ndipo kupuma kwa munthu kungathe kufooka ali m'tulo. Ndiponso mowa, ngakhale umagonetsa msanga, umadula tulo m'maola a kum'mawa, moti womwa amadzuka wotopa. Amene wamwa mapilisiwa kwa nthawi yaitali asaleke mwadzidzidzi payekha, cifukwa ubongo umakhala utazolowera. Apite kwa dotolo kuti amucepetsere pang'onopang'ono.

Palinso histamine, kiyi wodzutsa ubongo kudzera m'loko wa H1. Mapilisi a cimfine ndi kuyabwa monga Piriton amatsekereza loko ameneyu, n'cifukwa cake amagonetsa. Wowamwa asayendetse motoka kapena kugwira makina, ndipo makolo asawapatse mwana pofuna kuti angogona n'kuleka kulira.

Za kaodzera

Ife a kuno nkhani ya tulo ndi ubongo timaidziwanso kudzera m'matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi nchenche ya kashembe, amene amapezekabe m'madera ena monga m'cigwa ca Luangwa. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, gulu la Osamu Hayaishi ku Japan linapeza kuti khemikolo yochedwa prostaglandin D2, ikaikidwa mu ubongo wa makoswe, imawagonetsa. Pambuyo pake kunadziwika kuti imacita zimenezi mwa kuculukitsa adenosine ija. M'caka ca 1990 kunapezeka kuti khemikolo yomweyi imakhala yoculuka m'madzi a mu msana a odwala kaodzera amene matenda afika mu ubongo. Wodwala wotere nthawi zake za tulo zimasokonezeka: amagona masana, usiku ali maso. Aliyense amene walumidwa ndi kashembe, nayamba kutentha thupi ndi kumva mutu, afulumire ku cipatala osadikira kuti tulo tisokonezeke, pakuti mankhwala alipo ndipo matendawa akalekereredwa amapha.

Mbewa si munthu

Tiyenera kucenjera kuti tisatengere kwa munthu zonse zopezeka mwa nyama. Mbewa zimagona masana ndi kuyenda usiku, ndipo tulo tao ndi todukizadukiza, pamene munthu amagona nthawi imodzi yaitali. Mtundu wa mbewa wogwiritsidwa nchito kwambiri m'malabotale, wochedwa C57BL/6, supanga bwino melatonin, khemikolo imene mwa ife imakwera kukada n'kudziwitsa thupi kuti usiku wafika. Taonanso kuti narcolepsy ya agalu ndi ya anthu zimafanana m'maonekedwe koma zimasiyana pa gwero. Nyama imaonetsa njira, koma mankhwala alionse ayenera kuyesedwanso mosamala mwa anthu asanaperekedwe kwa odwala. Mukamva wogulitsa akunena kuti mankhwala ake anagoneka makoswe bwino, funsani ngati anayesedwanso mwa anthu.

Tisabisenso kuti zina mwa zoyesa zakale zinazunza nyama koopsa, monga tiana ta agalu tija. M'caka ca 1959, William Russell ndi Rex Burch a ku Britain anakhazikitsa mfundo zitatu zimene malabotale ambiri amatsatira lero: kugwiritsa nchito njira ina pamene nyama siifunika, kucepetsa ciwerengero ca nyama, ndi kucepetsa ululu wao. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2417 ndi 2418, amalola kuyesa mankhwala pa nyama ngati kuli ndi malire oyenera ndipo kukuthandiza kupulumutsa miyoyo ya anthu, koma amatsutsa kuzunza nyama popanda cifukwa. Tikamapindula ndi nzeru zimenezi, tizikumbukira kuti zinagulidwa ndi mtengo.

Zotengera kunyumba

Coyamba, makolo anzanga ndi aphunzitsi, mwana wosinza masana musathamangire kumukwapula. Yambani mwafunsa kuti amagona maola angati. Akatswiri a tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 afunika maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 afunika maola 8 mpaka 10. Mwana amene amagona mocedwa cifukwa ca nchito za pakhomo kapena foni, nadzuka m'bandakuca kuyenda ulendo wautali wa ku sukulu, ali ndi ngongole ya tulo. Njala, kucepa kwa magazi ndi matenda ena zimabweretsanso kutopa. Koma ngati amagona mokwanira n'kumasinzabe tsiku ndi tsiku kwa miyezi, makamaka ngati maondo ake amafooka kapena mutu umagwa pamene akuseka, mutengereni ku cipatala ndipo mufotokozere dotolo zonse monga mmene mwazionera. Kugwa kumeneku n'kosiyana ndi khunyu, pakuti wodwalayo amamva zonse zomuzungulira. Narcolepsy siiciritsika kotheratu, koma pali mankhwala ocepetsa zizindikiro zake, ndipo kugona pang'ono masana pa nthawi zoikika kumathandiza. Mwana wotere akapeza omumvetsa angathe kumaliza sukulu ndi kugwira nchito monga anzake.

Caciwiri, inu ophunzira, khofi wa usiku amakubwereketsani maola amene mudzabweza mawa m'cipinda ca mayeso. Ubongo umasunga bwino zimene mwawerenga pamene mwagona. Kumbukiraninso kuti caffeine ali mu tiyi, m'zakumwa za kola, ndi m'zakumwa za m'zitini zimene amati zopatsa mphamvu.

Cacitatu, inu madalaivala, maso akayamba kulemera, adenosine yadzaza maloko ake, ndipo kutsegula zenera kapena kukweza wailesi sikungaicotse. Imani pamalo abwino mugone ngakhale mphindi 20. Anthu amene mwanyamula ali ndi mabanja amene akuwadikira.

Cacinai, amene mukusowa tulo, yambani ndi zapafupi: kugona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kuona kuwala kwa dzuwa m'mawa, kuleka tiyi ndi khofi dzuwa likapendeka, ndi kusagwiritsa mowa ngati mankhwala ogonetsa. Vuto likapitirira, kaonaneni ndi dotolo m'malo mobwereka mapilisi a mnansi.

Agalu a ku Stanford anali kugwa pamene asangalala, ndipo panali anthu amene anakhala nao zaka zambiri akufunsa cifukwa cake, mpaka yankho linapezeka. Nafenso tikhale ndi kudekha komweko pa ana athu ndi okalamba athu, tizifunsa tisanaweruze. Mugone bwino, tidzaonananso mwezi wa mawa.